Kuweta Nsomba Zokongoletsa M'nyumba: Tiyambe Bwanji, Tikuze Liti?

Mabanja ambiri a m'tauni alibe malo omangapo khola la nkhuku kapena la akalulu, ndipo eni nyumba za lendi ena salola galu pabwalo. Tsono ana akamavutitsa kuti akufuna chiweto chawochawo, makolo ena amagula tinsomba tiwiri titatu tokongola, kutiika m'botolo lalikulu kapena m'mbale yagalasi, n'kukhazika pakabati. Sabata yoyamba nyumba yonse imasangalala. Sabata yachiwiri madzi amayamba kuchita mbuu, ndipo m'mawa wina tinsomba tija timapezeka titayandama chagada. Ndalama yapita, mwana akulira, banja n'kugamula kuti nsomba za m'galasi n'zovuta kuweta.

M'kope lino tikufuna tithandizane kuti zoterezi zisatichitikire. Tikambirana za thanki yagalasi yoyamba, imene m'masitolo amaitchula kuti aquarium, kasamalidwe kake, chitetezo cha ana athu, ndiponso zoyenera kuchita nthawi ikakwana yosamukira mu thanki yaikulu.

Phindu lake n'chiyani?

Nsomba sizichita phokoso, sizivutitsa anansi, ndipo sizifuna bwalo. Mwana wazaka 7 akhoza kupatsidwa udindo wodyetsa, wamkulupo n'kumathandiza kusintha madzi Lamlungu lililonse. Ntchito yaing'ono yochitika tsiku ndi tsiku imaphunzitsa mwana kuti chamoyo chimene chili m'manja mwake chimadalira iyeyo.

Palinso phindu pa thupi. Mu 2015 akatswiri a ku National Marine Aquarium mu mzinda wa Plymouth ku England, mogwirizana ndi mayunivesite a Plymouth ndi Exeter, anapeza kuti anthu amene anakhala pansi n'kumaonerera nsomba mu thanki mtima wawo unkagunda modekha ndipo kuthamanga kwa magazi kunkatsikako. Izi sizikutanthauza kuti agogo a BP asiye mankhwala awo, ayi. Tikungonena kuti mphindi zingapo zoonerera nsomba madzulo zimapumitsa maganizo kuposa mphindi zomwezo pa foni.

Thanki yoyamba isakhale yaing'ono kwambiri

Ambirife timaganiza kuti kuyamba ndi kabotolo n'kosavuta. Zoona zake n'zakuti madzi ochepa amaipa msanga, amatentha msanga ndipo amazizira msanga. Woyamba kumene asankhe thanki yamakona anayi, yotalika masentimita 60, mulifupi 30, msinkhu 30. Kuti tidziwe kuchuluka kwa madzi timachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 1,000. Thanki imeneyi imalowa malita 54, ndipo galasi lake likhale lochindikala mamilimita 5 kapena 6.

Kuwonjezera pa thankiyo tifunika sefa ya madzi, imene ogulitsa amati fyuluta. Yotsika mtengo komanso yodalirika ndi ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya. Tifunikanso chivindikiro, chipangizo choyezera kutentha kwa madzi, kaneti kogwirira nsomba, paipi yopopera madzi, ndi ndowa imodzi yatsopano imene siidzalowa sopo mpaka kalekale. Amene tikukhala kumalo ozizira monga Dedza, Mzuzu kapena Blantyre pa nthawi ya chiperoni tigule hita ya m'madzi, chifukwa mu June ndi July madzi a m'nyumba amazizira kuposa mmene nsomba zambiri zokongoletsa zimafunira. Zambiri zimakonda madigiri 24 mpaka 27.

Thanki ikhale pamalo olimba, osapendekera, kutali ndi zenera lolowa dzuwa, kutalinso ndi mbaula ndi utsi wa kukhitchini. Dzuwa likamaomba thanki, ndere zimamera kwambiri ndipo madzi amasanduka obiriwira. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu amapha nsomba mofulumira, choncho tisanapopere chipinda tizimitse pampu ya mpweya ndi kufunditsa thanki ndi nsalu yochindikala.

Chimene chimapha nsomba zambiri mwezi woyamba

Chimbudzi cha nsomba, zakudya zotsala, ngakhalenso kupuma kwa nsombazo, zonsezi zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'nyanja poizoniyu amasungunuka m'madzi ambirimbiri, koma mu thanki alibe kopita. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma ali odzaza ndi amoniya. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amene amachotsa poizoniyu ndi mabakiteriya othandiza amene amamera mu siponji ya sefa, pamiyala ndi mumchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza nsomba akakhala wochepa, ndipo timamuchotsa posintha madzi. Mu thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, ndipo kuti achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6. Wogula thanki ndi nsomba tsiku limodzi amaika nsombazo m'nyumba yopanda chimbudzi.

Njira yake ndi iyi. Tidzaze thanki, tiyatse sefa, ndipo tsiku lililonse tiziponyamo kachakudya ka nsomba kochepa kwambiri ngakhale mulibe nsomba. Chakudyacho chikamaola chimadyetsa mabakiteriya aja. Amene angakwanitse agule timabotolo toyezera madzi, ndipo adikire mpaka amoniya ndi nitrite zonse zisonyeze 0. Ngati tili ndi mnzathu amene thanki yake yakhala chaka ndipo nsomba zake n'zathanzi, tingamupemphe kuti afinyire siponji yake m'madzi athu kapena atigawire chidutswa chake. Zimenezi zimafupikitsa nthawi yodikira. Ana adzadandaula kuti thanki yopanda kanthu ndi ya chiyani, koma tiwakumbutse kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini wopha majeremusi. Klorini yemweyo amawononga ziwalo zimene nsomba imapumira ndipo amaphanso mabakiteriya othandiza. Titunge madziwo m'ndowa yosavindikira n'kuwasiya masiku awiri, kapena tithiremo madontho ochotsa klorini amene amagulitsidwa m'masitolo a ziweto. Madontho ndiwo odalirika koposa. Madzi a pamjigo amene sitinathiremo mankhwala aliwonse alibe vuto limeneli.

Tiyambe ndi nsomba ziti?

Kwa woyamba, guppy ndi platy n'zopirira ndipo sizikula kwambiri. Guppy kwawo ndi ku South America ndi zilumba zoyandikira monga Trinidad. Siiikira mazira, imabereka tiana tamoyo pafupifupi mwezi uliwonse. Mu thanki ya malita 54 tiyambe ndi nsomba 3 kapena 4, ndipo pakatha masabata awiri tiwonjezere zina pang'ono mpaka zifike 8 kapena 10. Ngati sitikufuna kuti zichulukane tigule zamphongo zokhazokha, zimenenso ndi zokongola kwambiri.

Goldfish, nsomba yofiirira ija yochokera ku China, imanyenga anthu ambiri. M'sitolo imakhala ngati chala, koma ikasamalidwa bwino imafika masentimita 20 ndi kupitirira, imakhala zaka zoposa 10, ndipo imadetsa madzi kwambiri. Si nsomba ya m'botolo. Chimodzimodzinso tiana ta makumba ndi chilunguni timene ana amagwira kudambo: malo ake ndi padziwe, osati pabalaza.

Pogula, tiyang'ane nsomba yosambira mwamphamvu, ya zipsepse zosang'ambika, yopanda timadontho toyera ngati mchere pathupi. Tikafika nayo kunyumba tiyandamitse pepala lapulasitiki limene yabweramo pamwamba pa madzi kwa mphindi 15 kuti kutentha kufanane. Kenaka tithiremo madzi a mu thanki pang'onopang'ono, n'kuichotsa ndi kaneti. Madzi a kusitolo tiwataye.

Kudyetsa ndi kusintha madzi

Nsomba zambiri za m'nyumba zimafa ndi kudyetsedwa mopitirira muyeso, osati ndi njala. Tizipatse chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Nsima, buledi ndi mkute wa mpunga zimaola msanga ndi kuipitsa madzi. M'nyumba mukhale munthu mmodzi wodyetsa, chifukwa aliyense wodutsa akamaponyamo kanthu nsomba zimadya kasanu pa tsiku. Alendo ndi ana a anansi tiwauze mwaulemu kuti aone ndi maso okha, asagogode galasi.

Sabata iliyonse tichotse gawo limodzi la magawo anayi a madzi, tikupopa zinyalala za pansi ndi paipi, n'kubwezeramo madzi opanda klorini. Tisakhuthule thanki yonse kuti tiitsuke ndi sopo. Siponji ya sefa tiifinye m'madzi amene tachotsa mu thankiyo, osati pampopi, kuti mabakiteriya aja asafe. Madzi akalewo tisawataye pabwalo. Ali ndi chakudya cha zomera, choncho tithirire maluwa, mitengo ya zipatso kapena bedi la masamba, tikuthira patsinde.

Ukhondo ndi chitetezo cha banja

Madzi a mu thanki akhoza kukhala ndi majeremusi otsegula m'mimba monga Salmonella, ndiponso ena otchedwa Mycobacterium marinum amene amalowa pabala n'kuyambitsa totupa tosapola msanga padzanja kapena pamkono. Aliyense wogwira madzi a nsomba asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Amene ali ndi bala padzanja, kapena amene chitetezo cha thupi lake n'chotsika, avale magolovesi kapena asiyire wina ntchitoyo. Katotupa kotere kakaoneka tipite kuchipatala, ndipo tiwauze adokotala kuti timaweta nsomba.

Poyambitsa paipi tisayamwe ndi pakamwa. Tiidzaze madzi kaye, titseke mbali zonse ndi zala, kenaka titsitsire mbali imodzi m'ndowa. Ziwiya za nsomba zisatsukidwire pamalo otsukira mbale.

Tisatole nkhono kapena zomera za m'madzi kunyanja, kumtsinje kapena kudambo kuti tikongoletsere thanki. Nkhono zina za m'madzi ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Miyala ndi mchenga wotola panja titsuke bwino ndi kuthira madzi otentha, kenaka tiyanike padzuwa masiku angapo. Ndowa imene tasiya kuti klorini achoke isapitirire masiku awiri ili yosavindikira, kuopa kuswetsa udzudzu, ndipo ikhale pamalo pamene mwana wokwawa sangafike. Mwana wamng'ono akhoza kumira m'ndowa ya madzi ochepa chabe.

Madzi ndi magetsi sizigwirizana. Soketi ikhale m'mwamba, osati pansi pa thanki, ndipo waya aliyense atsike kaye m'munsi asanakwere kupita kusoketi, kuti dontho lotsata wayayo ligwere pansi. Tisanalowetse dzanja m'madzi tizimitse hita ndi zonse za magetsi.

Magetsi akazima

Pampu ikaima mpweya wa m'madzi umayamba kuchepa, ndipo nsomba zimabwera pamwamba n'kumayasamula. Kapampu koyendera mabatire kamapulumutsa zambiri, ndipo amene ali ndi sola angalumikizeko pampu chifukwa siidya magetsi ambiri. Ngati tilibe zimenezi, titunge madzi a mu thanki ndi kapu yoyera n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kangapo konse, ndipo tibwereze ola lililonse. Tsiku limenelo tisadyetse. Nsomba yathanzi imatha masiku awiri kapena atatu osadya popanda vuto, pamene kudya kumawonjezera zinyalala sefa ili chiimire. M'nyengo yozizira tifunditse thanki ndi bulangeti. Thanki ya nsomba zochepa imapirira kuzima kwa magetsi nthawi yaitali kuposa yodzaza.

Nthawi yosamukira mu thanki yaikulu

Pakatha miyezi 6 kapena chaka, zizindikiro zimayamba kuoneka. Nsomba zachulukana kapena zakula, zikuthamangitsana kosalekeza, ndipo madzi akuda pasanathe sabata. Pamenepo tili ndi njira ziwiri: kugawirako anzathu nsomba zina, kapena kukuza thanki. Tisanasankhe yachiwiri tikhale pansi monga banja tiwerengere mtengo wa thanki, choikapo chake, sefa ndi hita zokulirapo, madzi ndi magetsi a mwezi ndi mwezi. Nsomba zisadye ndalama ya fizi kapena ya ndiwo. Thanki yaing'ono yosamalidwa bwino imaposa yaikulu yogulidwa pangongole.

Tikagwirizana zokuza, tiganizire kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya masentimita 120 kutalika, 45 mulifupi ndi 45 msinkhu imalowa malita 243. Galasi lake liyenera kukhala la mamilimita 10, lokhala ndi timizere tagalasi tolimbitsa m'mwamba, ndipo palokha limalemera pafupifupi makilogalamu 50. Tikaphatikiza miyala ndi mchenga, zonse zimapitirira makilogalamu 300, kufanana ndi matumba 6 a chimanga. Kabati ya TV kapena tebulo lodyera sizinganyamule katundu wotere. Tipite kwa wowotcherera atipangire choikapo chachitsulo, chokhala ndi thabwa lochindikala pamwamba, ndipo tiyeze ndi levulo kuti chisapendekere. Pakati pa thabwa ndi galasi tiyale foam yoyera ija imene imabwera m'makatoni a zipangizo za magetsi, kuti kamchenga kamodzi kasaswe galasi.

Ngati thanki ikupangidwa ndi wodula magalasi, timuuze agwiritse ntchito silikoni wa mathanki a nsomba. Silikoni wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu amene amaphanso nsomba. Silikoniyo akauma bwino, thanki yatsopano kapena yakaunjika tiidzaze madzi pakhonde n'kuisiya masiku atatu kuti tione ngati ikudontha. Malita 243 otayikira pabalaza la nyumba ya lendi ndi mlandu waukulu.

Tsiku losamuka

Nsomba tisazidyetse dzulo lake. Thanki yatsopano iikidwe pamalo pake ili yopanda madzi, chifukwa thanki ya madzi siinyamulidwa ngakhale madziwo atakhala theka. Tiikemo miyala, mchenga ndi madzi opanda klorini, ndipo tiyatse hita mpaka kutentha kufanane ndi kwa thanki yakale. Kenaka tisamutse siponji yakale ili yonyowa, osaitsuka, n'kuiyatsa pamodzi ndi sefa yatsopano. Chuma chonse cha thanki yakale chili mu siponji imeneyo, ndipo iyenera kugwira ntchito limodzi ndi yatsopanoyo kwa mwezi wathunthu. Nsomba tizisamutse ndi kaneti modekha, getsi la thanki likhale lozimitsa tsiku lonse, ndipo tiyambe kudyetsa pang'ono mawa lake. Tisawonjezere nsomba zatsopano mpaka patatha masabata awiri kapena atatu.

Thanki yakale tisaigulitse. Idzatithandiza kusungiramo nsomba yodwala, tiana, kapena nsomba yogula kumene imene iyenera kukhala payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Mbuna za m'nyanja yathu

Thanki yaikulu imatipatsa mwayi woweta nsomba zimene anthu a ku Germany, America ndi Japan amazilipira ndalama zambiri, pamene kwawo kwa nsombazo ndi kuno. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la cichlid, ndipo pafupifupi yonse siipezeka kwina kulikonse. Zina mwa izo ndi mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere tokhala m'miyala. Katswiri Geoffrey Fryer anazifufuza ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira m'ma 1970 Stuart Grant ankazitumiza kunja kuchokera ku Salima. Mtundu wina wa nsomba za m'nyanjayi, Aulonocara stuartgranti, unatchedwa dzina lake.

Mbuna ndi zaukali ndipo zimateteza malo awo, n'chifukwa chake sizikhala mu thanki yaing'ono ndipo sizisakanizidwa ndi guppy. Mu thanki ya malita 243 tingasungemo 12 mpaka 15, yamphongo imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, ndi miyala yambiri yopanga mapanga. Miyala iyambe kukhazikika pansi mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba ndipo mwala wotsamira pamchenga ukhoza kugwa n'kuswa galasi. Yachikasu yotchedwa Labidochromis caeruleus ndi yofatsirako, yoyenera woyamba. Mbuna zambiri m'nyanja zimadya ndere za pamiyala, choncho chakudya chawo chikhale cha zomera, monga chogula chokhala ndi spirulina, nsawawa zophika zosenda kapena tsamba la sipinachi lofutsa. Zikadya kwambiri zakudya za nyama zimatupa mimba, matenda amene oweta nsomba padziko lonse amawatchula kuti Malawi bloat.

Ana amasangalala kwambiri mbuna yaikazi ikaikira. Imatola mazira n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, monga achitira chambo, mpaka tiana titayamba kusambira tokha.

Mbuna tigule kwa amene amaziswetsa m'mathanki kapena amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi. Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Tikapita kumeneko ndi ana, tizione m'madzi n'kuzisiya momwemo. Mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha, ndipo ikatha pamenepo yatheratu.

Nsomba ikatikwana

Zikachulukana kapena tikatopa nazo, tisazitaye mumtsinje, m'ngalande kapena m'nyanja, ngakhale titaona ngati tikuzichitira chifundo. Chamoyo chachilendo chikalowa m'madzi athu sichichotseka. Namasupuni anachokera ku South America ngati duwa lokongoletsa, lero akutseka mtsinje wa Shire. M'nyanja ya Victoria, nsomba ya Nile perch imene inalowetsedwa m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kutha kwa mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko. Tipereke nsomba zathu kwa mnzathu, kusukulu kapena tibweze kusitolo, ndipo zomera za mu thanki tiziumitse padzuwa tisanazitaye.

Kwa banja limene likufuna kuyamba mwezi uno, ntchito yoyamba ndi kusankha malo a thanki, kugula thankiyo ndi sefa, ndi kulemba pakalendala tsiku limene masabata 6 adzakwane. Nsomba zidzagulidwe tsiku limenelo, ndipo mwana amene wakhala akuponya kachakudya mu thanki yopanda kanthu ndiye adzasankhe yoyamba.